Mafunso a Owerenga: Kamera ikuoneka pa foni, koma pulogalamu ya pa kompyuta sikuiona

Makalata atatu a mwezi uno onse akukhudza makamera achitetezo olumikizidwa pa netiweki, amene ogulitsa amawatchula kuti ma IP kamera. Kalata yoyamba taipatsa malo aakulu chifukwa vuto lake ndi limene limagwetsa mphwayi anthu ambiri, mpaka ena kubweza makamera abwinobwino poganiza kuti ndi akufa.

FUNSO: Akonzi, ine ndimayang'anira nyumba yosungiramo katundu, ndipo miyezi iwiri yapitayo tinagula makamera anayi. Amene anadzatiikira anawalumikiza ku foni yanga kudzera pa pulogalamu ya kampani yopanga makamerawo, ndipo pa fonipo zithunzi zimaoneka bwino kwambiri. Tsopano tikufuna kuti zojambulidwa zizisungidwa pa kompyuta ya mu ofesi. Ndinaika pulogalamu yoyang'anira makamera, koma ndikailamula kuti ifufuze makamera siipeza ngakhale imodzi. Nditalemba ndekha adiresi imene ili pa kapepala ka m'bokosi, panangotuluka bokosi lakuda lopanda chithunzi. Mawu achinsinsi amene ndimalowera pa foni ndawalemba kambirimbiri, koma sizikuphula kanthu. Kodi cholakwika ndi pulogalamuyi kapena makamerawa? Ndine mayi woyang'anira katundu.

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa cholongosola vutoli momveka bwino. Mtima ukhale pansi, pakuti zimene mwafotokozazi sizikusonyeza kuti makamera kapena pulogalamuyo zawonongeka. Chimene chikusokoneza n'chakuti foni ndi kompyuta zimafika pa kamera podzera njira ziwiri zosiyana. Kamera ikangoyatsidwa imadzilumikiza yokha ku makompyuta akuluakulu a kampani imene inaipanga, ndipo foni yanu imakakumana nayo kumeneko, n'chifukwa chake simunafunsidwepo adiresi yake. Pulogalamu ya pa kompyuta, kaya ndi Blue Iris, ZoneMinder, Agent DVR kapena Milestone XProtect, ilibe mkhalapakati wotero. Iyo imayenera kugogoda yokha pa kamerapo, ndipo kuti itsegulidwe iyenera kudziwa adiresi yeniyeni, nambala ya khomo imene imalembedwa kuti port, njira ya kanema, ndiponso dzina ndi mawu achinsinsi zimene kamerayo imazizindikira. Chimodzi chokha chikalakwika pa zimenezi, chimene mumaona ndi bokosi lakuda lomwe lija. Choncho ndikupemphani kuti muisiye kaye pulogalamuyo, musankhe kamera imodzi, muonetsetse kuti ikutulutsa kanema payokha, ndipo mukatero mubwerere ku pulogalamu.

Tiyambe ndi adiresi. Imene ili pa kapepala ka m'bokosi ndi yakufakitale. Makamera ambiri a Hikvision amabwera ndi 192.168.1.64, ndipo a Dahua amabwera ndi 192.168.1.108. Popeza makamera anu akuoneka pa foni, ndiye kuti akufika pa intaneti, ndipo n'zodziwikiratu kuti anayi onse sangakhale pa adiresi imodzi. Mwina rauta, kachipangizo kamene kamagawa intaneti m'nyumba, inawagawira maadiresi atsopano, kapena amene anadzawaika anawasintha. Lowani pa tsamba la rauta yanu, muyang'ane mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, ndipo mufananitse nambala ya MAC (nambala yozindikiritsa chipangizo chilichonse pa netiweki) imene ili pa kachikwangwani komatidwa pa kamera ndi zimene zili pa mndandandawo. Makampani ena ali ndi timapulogalamu taulere tofufuzira makamera awo, monga SADP ya Hikvision ndi ConfigTool ya Dahua. Mukaipeza adiresiyo, ilembeni pa browser ya kompyuta yomweyo imene mwaikapo pulogalamu. Tsamba lofunsa dzina ndi mawu achinsinsi likatuluka, dziwani kuti kompyuta ndi kamera zikumvana.

Likapanda kutuluka, yerekezani adiresi ya kompyuta ndi ya kamera. Pa netiweki zambiri zing'onozing'ono, magawo atatu oyambirira ayenera kufanana, kotero kuti kompyuta ya 192.168.0.15 siingalankhule mwachindunji ndi kamera ya 192.168.1.64, ngakhale mawaya azo atalowa pa swichi imodzi, kabokosi kolumikizira mawaya a netiweki. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pamene m'nyumba muli marauta awiri, ina itawonjezedwa pofuna kuti Wi-Fi ifike patali, kapena pamene kompyuta yalumikizidwa ku Wi-Fi ya alendo, imene inakonzedwa dala kuti isamaone zipangizo zina. Apa m'pamenenso pali chifukwa chimene kufufuza kwanu kunalepherera. Pulogalamu ikamafufuza makamera imatumiza kauthenga koitana pa khomo la UDP 3702, ndipo kauthengako sikawoloka rauta, komanso firewall ya Windows, imene imatchinga mauthenga osaloledwa kulowa mu kompyuta, imatha kutsekereza mayankho ake. Kulephera kwa kufufuza sikutanthauza kuti kamera kulibe, ndipo ine sindidalira kwenikweni batani lofufuziralo; kulemba adiresi ndi manja n'kodalirika kuposa. Musaiwale kuiuza rauta kuti isunge adiresi imeneyo kuti ikhale ya kamerayo mpaka kalekale, apo ayi tsiku lina magetsi akadzazima n'kuyakanso, maadiresi adzasinthana ndipo pulogalamu idzasowanso makamera amene dzulo lake inkawaona.

Tsopano mawu achinsinsi, amene ndikuganiza kuti ndi pamene pagona vuto lanu lalikulu. Amene mumalowera pa foni ndi a akaunti yanu ku kampani yopanga makamera, ndipo kamerayo payokha siwadziwa. Kamera ili ndi mawu akeake, amene anasankhidwa tsiku limene inayatsidwa koyamba, kawirikawiri pa dzina loti admin. Afunseni amene anadzakuikirani kuti akupatseni mawu amenewo, ndipo ndi ufulu wanu kuwadziwa chifukwa makamerawo ndi anu. Lekaninso kuyesa mongolota, pakuti makamera ambiri amamutsekera kunja kwa kanthawi munthu amene walakwitsa kangapo, ena mpaka theka la ola, ndipo pa nthawi imeneyo amakana ngakhale mawu olondola. Chovuta china n'chakuti pulogalamu ya pa kompyuta ikapatsidwa mawu olakwika imapitiriza kuwayesa yokha mwakachetechete, kotero kamera imangokhalira kutseka. Ichotseni kaye kamerayo mu pulogalamu musanayambe kuyesa zimene ndikufotokozazi.

Mukalowa pa tsamba la kamera, funani pamene palembedwa ONVIF. Limeneli ndi dongosolo limene makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa m'chaka cha 2008 pofuna kuti makamera ndi mapulogalamu a makampani osiyanasiyana azitha kumvana, chifukwa kale kampani iliyonse inkalankhula chinenero chakechake. Pulogalamu ikalowa kudzera pa ONVIF, kamera imaiuza yokha njira za kanema wake, kukula kwa chithunzi, ndiponso ngati imatha kutembenuka. Koma makamera ambiri a masiku ano amabwera ONVIF ili yozimitsa, ndipo pa ena, monga ambiri a Hikvision, kuiyatsa kokha sikukwanira: muyenera kupanganso dzina ndi mawu achinsinsi zapadera za ONVIF pa tsamba lomwelo, ndipo ndi zimenezo zimene mudzalembe mu pulogalamu.

Pali kanthu kena kamene anthu sakaganizira n'komwe, ndiko wotchi ya kamera. Polowa kudzera pa ONVIF, mawu achinsinsi amatumizidwa atasakanizidwa ndi nthawi, ndipo wotchi ya kamera ikasiyana kwambiri ndi ya kompyuta, makamera ena amakana ngati kuti mawuwo ndi olakwika. Yang'anani deti limene likuoneka pakona pa chithunzi cha pa foni yanu. Mukaona chaka cha 1970 kapena 2000, dziwani kuti wotchiyo inabwerera poyambira. Ikonzeni, ndipo muyatse NTP kuti kamera izidzitengera yokha nthawi yolondola. Zimenezi n'zofunikanso pa chifukwa china chachikulu: kanema wokhala ndi deti lolakwika amavuta kumugwiritsa ntchito ngati umboni tsiku limene katundu wasowa.

Chiyeso chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi cha VLC, pulogalamu yaulere yoonerera mafilimu ija. Kanema wa kamera amayenda kudzera pa dongosolo lotumizira kanema pa netiweki lotchedwa RTSP, limene khomo lake lozolowereka ndi 554. Tsegulani VLC, mupite pa Media, musankhe Open Network Stream, ndipo mulembe adiresi yonse ya kanema. Pa makamera a Hikvision imaoneka chonchi: rtsp://dzina:mawu@192.168.1.64:554/Streaming/Channels/101, pamene pa a Dahua mbali yakumapeto imakhala /cam/realmonitor?channel=1&subtype=0, ndipo pa a Axis imakhala /axis-media/media.amp. M'malo mwa adiresi yachitsanzoyo muikepo ya kamera yanu, ndipo njira yakumapetoyo muipeze m'buku la malangizo a kamerayo, osaphonya chilembo chachikulu kapena chaching'ono. Ngati m'mawu anu achinsinsi muli chizindikiro monga @ kapena #, chimadula adiresiyo pakati. @ Ilembedwe %40 ndipo # ilembedwe %23, ngakhale kuti chapafupi n'kungosankha mawu aatali okhala ndi zilembo ndi manambala okha.

VLC ikaonetsa kanema, mlandu wachoka pa kamera ndi pa netiweki, ndipo chatsala n'kukopera adiresi yomweyo mu pulogalamu yanu. Ikakana, mverani mmene yakanira. Ikamangokufunsani mawu achinsinsi mobwerezabwereza, kapena mukaona nambala 401, vuto ndi dzina kapena mawuwo. Nambala 404 ikutanthauza kuti mwafika pa kamera koma njira yakumapeto ija yalakwika. Ikangoti zii kwa nthawi yaitali kenako n'kulephera, ndiye kuti adiresi kapena khomo n'zolakwika, kapena RTSP ndi yozimitsa pa kamerapo.

Zimachitikanso kuti VLC ikuonetsa bwino koma pulogalamu ikuonetsabe chakuda. Pamenepo yang'anani mtundu wa kapanikizidwe ka kanema. Makamera atsopano amabwera atasankhiratu H.265, imene inakhazikitsidwa mu 2013 ndipo imadya malo ochepa, koma mapulogalamu ena, ma browser ena ndi makompyuta akale amavutika nayo. Sinthani muike H.264, ya mu 2003, imene pafupifupi chipangizo chilichonse chimaidziwa, ndipo muzimitse zimene zili ndi chizindikiro chophatikiza kumapeto, monga H.264+ ndi H.265+, mpaka zonse zitayenda.

Ndisakubisireni chinthu chimodzi, mayi. Alipo makamera, makamaka oyendera batire ndi ena opangidwira foni basi, amene alibiretu RTSP kapena ONVIF. Oterowo sangalowe mu pulogalamu ya kampani ina mwa njira zimene ndafotokozazi. Musanataye tsiku lonse, werengani pepala lofotokoza zimene kamera yanu imatha, muone ngati mawu awiriwa alipo.

FUNSO: Akonzi, ine makamera anga asanu ndi imodzi analowa bwino mu pulogalamu, koma chithunzi chimachita zigamba zotuwa munthu akamadutsa, nthawi yomwe ndikufuna kuona nkhope. Usiku makamera awiri amazima n'kuyakanso okha, kompyuta imatentha n'kumalira ngati ikuphulika, ndipo hadi disiki ya 2 TB imadzaza pa sabata imodzi. Ndiyambire pati? Ndine bambo wosamalira nyumba zogona alendo.

YANKHO: Bambo, mavuto anuwa ndi anayi ndipo magwero ake ndi osiyana, koma palibe limene likufuna kamera yatsopano.

Zigamba zotuwazo zimabwera chifukwa cha mmene kanema amatumizidwira. Kamera situmiza chithunzi chathunthu nthawi zonse. Imatumiza chathunthu chimodzi, chotchedwa I-frame, kenako n'kumangotumiza zimene zasintha mpaka nthawi ya chathunthu china itakwana. Kachidutswa kamodzi kakatayika m'njira, zonse zodalira kachidutswako zimasokonekera, ndipo chithunzi chimakhala chazigamba mpaka I-frame ina ifike. Munthu akamadutsa m'pamene zosintha zimachuluka, n'chifukwa chake vutoli limaoneka pa nthawi yofunikayo. Mu pulogalamu yanu, pa makonzedwe a kamera iliyonse, sankhani kuti RTSP iziyenda pa TCP osati pa UDP, pakuti TCP imatumizanso chimene chatayika pamene UDP imangopitirira. Pa kamerapo, ikani kuti I-frame izibwera kamodzi pa sekondi iliyonse kapena pa masekondi awiri. Ngati kamera ikujambula zithunzi 15 pa sekondi, nambala yake ikhale 15 kapena 30. Ngati ena mwa makamerawo ali pa Wi-Fi, apatseni waya ngati n'kotheka.

Kuzima kwa usiku kokha kukundiloza ku magetsi. Kukada, kamera imayatsa timagetsi take ta infrared toonera mumdima, ndipo imayamba kukoka mphamvu yambiri kuposa masana. Ngati makamera anu amalandira magetsi kudzera pa waya wa netiweki, njira imene imatchedwa PoE, dziwani kuti muyezo wa 802.3af umapereka mawati 15.4 pa khomo lililonse la swichi, ndipo amene amatsimikizika kufika pa kamera ndi 12.95, pamene muyezo wa 802.3at umapereka mawati 30. Chimene ambiri sachiwerenga ndi mphamvu ya swichi yonse pamodzi. Tiyerekeze kuti swichi yanu yalembedwa mawati 60, ndipo kamera iliyonse imafuna mawati 12 usiku: makamera asanu ndi imodzi akufuna 72, ndiye swichi imadula ena kuti otsalawo akhale moyo. Werengani manambala amenewa pa swichi ndi pa makamera anu. Yesaninso kutalika kwa mawaya a makamera awiri ovutawo, chifukwa waya wa netiweki suyenera kupitirira mamita 100, ndipo waya wotchipa wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa umataya mphamvu yambiri m'njira kuposa wa kopa weniweni. Tsegulaninso polumikizira panja paja muone ngati sipanalowe madzi. Timano ta pulagi tikachita dzimbiri lobiriwira, dulani muikepo ina ndipo muitchinge bwino.

Kutentha kwa kompyuta kuli ndi mankhwala osavuta. Pafupifupi kamera iliyonse imatulutsa makanema awiri nthawi imodzi, wamkulu wooneka bwino ndi wamng'ono wopepuka, wotchedwa substream. Pa adiresi za Hikvision wamkulu amathera pa 101 ndipo wamng'ono pa 102; pa za Dahua, subtype=0 ndi wamkulu ndipo subtype=1 ndi wamng'ono. Lembani onse awiri mu pulogalamu, kuti wamng'onoyo azigwira ntchito yozindikira kuyenda kwa zinthu ndi yoonetsa makamera onse pa sikirini, pamene wamkulu azingosungidwa. Posungapo, sankhani kuti pulogalamu izilemba kanema mmene wabwerera kuchokera ku kamera osamupanikizanso, zimene mu Blue Iris zimatchedwa direct-to-disc ndipo mu ZoneMinder zimatchedwa passthrough. Kupanikizanso makanema asanu ndi mmodzi nthawi imodzi ndi ntchito yolemera kwambiri imene kompyuta yanu ikuigwira popanda phindu.

Za hadi disiki, palibe cholakwika. Ndi masamu chabe. Kamera yotumiza 4 Mbps (mamegabiti anayi pa sekondi) imadzaza pafupifupi 43 GB pa tsiku, choncho makamera asanu ndi imodzi amadya pafupifupi 260 GB, ndipo 2 TB singafike masiku asanu ndi atatu. Uzani pulogalamu kuti izifufuta zakale disiki isanadzaze, tsitsani zithunzi zikhale 10 kapena 15 pa sekondi n'kutsitsanso bitrate (ma Mbps amene kamera imatumiza) molingana, ndipo m'malo mopanda anthu ambiri muzijambula pokhapokha china chikayenda, mutawonjezera masekondi angapo a m'mbuyo kuti chiyambi cha chochitika chisadulidwe. Pa khomo lalikulu pokha ine ndingalangize kujambula usana ndi usiku osalekeza. Mukadzagula disiki ina, sankhani yopangidwira ntchito imeneyi, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk.

FUNSO: Akonzi, makamera anga akuyenda bwino ndi pulogalamu, koma ndimangowaona ndikakhala pa nyumba. Mnzanga wandiuza kuti nditsegule makomo 80 ndi 554 pa rauta kuti ndiziwaona ndili kutali. Kodi ndichite zimenezo? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Achimwene, musatero. Zimene mnzanuyo wanena zimagwiradi ntchito, koma khomo limene mungatsegulelo silidzakhala lanu lokha. Pa intaneti pali makompyuta amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kuyesa maadiresi onse kufunafuna makomo otseguka, ndipo kamera ndi kakompyuta kakang'ono kamene eni ake ambiri saikamo zokonza zatsopano kwa zaka. M'chaka cha 2016, pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera, makina ojambulira ndi marauta ambirimbiri pongoyesa mayina ndi mawu achinsinsi akufakitale okwana pafupifupi 60, ndipo pa 21 Okutobala chaka chimenecho zipangizo zolandidwazo zinagwiritsidwa ntchito poukira kampani ya Dyn, imene inkathandiza makompyuta kupeza maadiresi a masamba a pa intaneti, mpaka anthu ambiri analephera kufika pa Twitter ndi Netflix. Kwa inu mwininyumba, choopsa chapafupi n'chakuti munthu wosamudziwa akhoza kumaona nthawi imene mumatuluka ndi imene ana amatsala okha.

Njira yabwino ndi VPN, njira yobisika yolumikizira foni yanu ku netiweki ya pa nyumba kudzera pa intaneti, monga WireGuard, imene marauta ena atsopano ali nayo kale. Mukaiyatsa pa foni, foniyo imakhala ngati ili pa nyumba, ndipo mumatsegula pulogalamu yanu monga mwa masiku onse, makamera osaonekera kunja. Ngati kampani imene imakupatsani intaneti siikupatsani adiresi yofikirika kuchokera kunja, monga zimakhalira kawirikawiri pa intaneti ya makampani a mafoni, Tailscale, imene inamangidwa pa WireGuard, imatha kulumikiza foni ndi kompyuta popanda kutsegula khomo lililonse.

Lero lomwe, lowani pa rauta ndi pa kamera iliyonse muzimitse UPnP, chifukwa ikakhala yoyaka kamera imatha kudzitsegulira yokha makomo pa rauta inu osadziwa. Pangani dzina lapadera lokhala ndi chilolezo chongoonera, ndipo limenelo ndi limene mulipereke ku pulogalamu m'malo mwa admin. Popeza tsopano kompyuta ndi imene ikusunga ndi kuonetsa kanema, mukhoza kuiuza rauta kuti iwaletse makamerawo kutuluka pa intaneti. Mukatero, pulogalamu ya pa foni ya kampani yopanga makamera idzasiya kuwaona, ndipo muyenera kuwalozera ku rauta kapena ku kompyuta imene mwaikonza kuti izipereka NTP, kuti wotchi zawo zisasochere.